KHOMA LOTCHINGA DOTHI: MPHAMVU YAKE IRI PANSI

Nkhani ya alimi imene Mlangizi wa Malimidwe anakamba pa wailesi

 Mvula yatha, dzinthu ziri m'nkhokwe, ndipo ino ndiyo nyengo imene ambiri a inu mumaumba njerwa, kusalaza mabwalo ndi kutseka zigwembe za m'minda. Chifukwa chake lero ndifuna kukamba nanu za khoma lotchinga dothi. Ili ndi khoma lija timamanga tikasema phiri kuti tipeze malo a nyumba, kapena m'munda wotsetsereka kuti nthaka isatsike, kapena m'mbali mwa mtsinje kuti madzi asadye dimba. Inu a ku Dedza, ku Ntcheu, ku Zomba ndi ku Thyolo, ndi inu okhala m'munsi mwa mapiri a Ndirande ndi Soche, makoma otere mumawaona tsiku ndi tsiku.

Khoma lotere limapulumuka ndi zinthu ziwiri zimene maso saziona. Choyamba ndicho mphamvu yosungira, ndiye kuti mphamvu yoposa imene khoma lifuna pa tsiku labwino. Chachiwiri ndicho kuya kwa maziko ake m'nthaka. Tsoka lake nlakuti ndalama zikachepa, ziwiri zomwezi ndizo zimene anthu amayamba kudula, pakuti mlendo wodutsa panjira sazitama.

Chaka china, ndikugwira nchito kumapiri, mlimi wina wakhama anandiitana kuti ndikaone khoma limene anamanga kuseri kwa nyumba yake. Linali la miyala ndi simenti, lalitali kuposa munthu, losalala ndithu. Nditafunsa za maziko, iye anatambasula chikhatho chimodzi. Ndinamuuza kuti maziko otero ngosakwanira, koma anaseka nati, "Alangizi, khomali laima zaka ziwiri. Likadafuna kugwa likadagwa kale." M'chaka chachitatu anakumba ngalande yaing'ono patsinde pa khomalo kuti madzi asalowe m'khitchini. Mwezi wa February kunagwa mvumbi wa masiku atatu, ndipo usiku wachitatu khoma linagwera khitchini ija. Mwamwayi ana amene ankagonamo anali atasamukira m'nyumba yaikulu chifukwa denga linkadontha. Munthuyu sanali waulesi, ndiponso sanaumire simenti. Anangokhulupirira kuti khoma loima lero lidzaimanso mawa.

DOTHI LIMAKANKHA MOTANI

Dothi losemedwa choimirira silikhala chete. Lifuna kutsika kuti ligone, monga mmene chimanga chimamwazikira mukang'amba thumba. Khoma ndilo limaliletsa, tsono usana ndi usiku dothi liri kukankha khomalo. Anthu ophunzira anayamba kalekale kuwerenga mphamvu imeneyi. Charles Coulomb, injiniya wa asilikali a ku France, analemba za iyo, ndipo zolemba zake zinasindikizidwa m'chaka cha 1776. William Rankine, mphunzitsi wa ku Glasgow, anaonjezerapo njira yake m'chaka cha 1857. Mainjiniya akugwiritsabe nchito mawerengedwe a anthu awiriwa kufikira lero.

Tiyeni titsate mawerengedwewo pa dothi la mchengamchenga losanyowa, pamalo pamene kumtunda kwa khoma kuli kosalala. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mlitali, mlifupi ndi msinkhu limalemera makilogalamu monga 1,800, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake limasanduka mphamvu yokankha cham'mbali. Khoma likakhala la msinkhu wa mita imodzi, mita iliyonse ya mlitali mwake imakankhidwa ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu 300, ndiwo matumba 6 a chimanga a makilogalamu 50. Nanga khoma la mamita 2? Wina adzati matumba 12. Iai, ndi makilogalamu 1,200, matumba 24. Khoma la mamita 3 limakankhidwa ndi makilogalamu 2,700, matumba 54.

Ndibwerezanso kuti mumvetse: 6, 24, 54. Mukaonjezera msinkhu kawiri, kukankha kumakula kanayi. Ndipo mphamvu yofuna kupendeketsa khoma imakula kasanu ndi katatu, pakuti dothi lochulukalo limakankhanso pamalo okwera. Chifukwa chake ndi bwino kumanga makoma awiri a mita imodzi imodzi ngati makwerero, otalikirana mamita 2 kapena kuposa, kusiyana ndi khoma limodzi la mamita 2. Ndipo pakati pa makoma awiriwo mupezapo malo obzala masamba.

Khoma limagwa m'njira zitatu. Lingathe kupendeka, mutu wake nkuyamba kuweramira kutsogolo. Lingathe kusendera lonse lathunthu, monga bokosi lokankhidwa pa simenti. Lingathenso kutitimira, nthaka ya pansi pake ikafewa. Womanga wanzeru amafunsa za zitatu zonsezi asanaike mwala woyamba.

MPHAMVU YOSUNGIRA

Mai wanzeru akadziwa kuti banja lake limadya matumba 10 pa chaka, sasunga matumba 10 okha. Amasunga 15, pakuti kudzabwera alendo, kudzagwa maliro, ndipo anankafumbwe adzadyako. Mainjiniya amachita chimodzimodzi. Amawerenga mphamvu yonse yogwira khoma, naigawa ndi mphamvu yonse yofuna kuligwetsa. Yankho likakhala 1, ndiye kuti mphamvu ziwirizo zalingana. Khoma laima, koma m'nkhokwe mwake mulibe kanthu kotsala. Kawirikawiri iwo amafuna kuti pa kusendera yankho lisachepere 1.5, pa kupendeka likhale 2, ndipo pa kutitimira likhale 3.

Wina angafunse kuti, kodi kumeneku si kutaya miyala ndi simenti pachabe? Iai. Chitsulo chimapangidwa ku fakitale, ndipo mphamvu yake imadziwika. Dothi silinapangidwe ndi munthu. Pano ndi katondo, masitepe asanu kutsogoloku ndi mchenga, ndipo palibe angathe kuona zonse za pansi. Mmisiri nayenso tsiku lina amatopa nasakaniza simenti mopereweza. Ndipo inu nomwe, zaka zikadzapita, mudzamanga khola kapena nkhokwe kumtunda kwa khomalo, kapena ngolo yodzaza manyowa idzaima pamenepo. Mphamvu yosungira ndiyo imalipira zonsezi.

Tiyese ndi khoma la miyala ndi simenti la msinkhu wa mamita 2, kuyesa kuchokera pansi pa maziko. Taona kuti dothi liri kulikankha ndi makilogalamu 1,200 pa mita iliyonse. Khoma likakhala lochindikala masentimita 60, mita imodzi ya khomalo imalemera makilogalamu monga 2,640. Mphamvu yoletsa kusendera imachokera ku kugwirana kwa tsinde la khoma ndi nthaka, ndipo pa nthaka yabwino imakhala monga theka la kulemera kwa khoma, ndiye 1,320. Mukagawa 1,320 ndi 1,200 mupeza 1.1. Pa kupendeka yankho lake ndi 1 chabe. Khoma limeneli lingathe kuima chaka chimodzi kapena ziwiri, mwini wake nkumanyada nalo, koma liri ngati munthu woima ndi mwendo umodzi pa mlatho wa mtengo.

Tsopano tilikulitse likhale lochindikala mita imodzi. Kulemera kwake kwafika 4,400, theka lake 2,200. Mukagawa ndi 1,200 mupeza 1.8, ndipo pa kupendeka mupeza kuposa 2.5. Ili ndilo khoma limene mungagone pafupi nalo. Mwa ichi mwaona kumene kunachokera lamulo la amisiri lakuti tsinde la khoma la miyala lisachepere theka la msinkhu wake. Kumutu lingathe kuonda, koma kutsinde ai.

KUYA KWA MAZIKO

Tsopano tifike pa chinthu chachiwiri. Dothi limene liri kutsogolo kwa tsinde la khoma ndi bwenzi lanu. Khoma likafuna kusendera liyenera kukankha dothi limenelo, ndipo dothi likamakankhidwa limakana ndi mphamvu yaikulu. Pa kuya kofanana, dothi la mchengamchenga limakana ndi mphamvu yoposa kasanu ndi kanayi mphamvu imene limakankha nayo. Maziko okwiririka masentimita 50 amatsamira pa mphamvu yofika makilogalamu 675 pa mita iliyonse. Koma mukachotsapo masentimita 25 okha, sipatsala theka. Patsala makilogalamu monga 170, gawo limodzi mwa magawo anayi. Izi ndizo zinaoneka kwa mlimi uja pamene anakumba ngalande patsinde pa khoma lake. Anachotsa kadothi kochepa, koma kanali komweko kamene kanali kugwira khoma.

Bwenzi limeneli ndi losakhulupirika kwenikweni, pakuti limachoka msanga. Madzi a padenga amalikokolola, nkhumba zimalifukula, tsache la tsiku ndi tsiku limalidya pang'onopang'ono, ndipo khasu limalisendeza. Chifukwa chake mainjiniya powerenga amayesa ngati dothi lapamwamba lachoka kale. Malamulo a mainjiniya a ku Ulaya amati, pa khoma lozikidwa m'nthaka, wowerenga ayese kuti dothi la kutsogolo latsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a msinkhu wa khoma, kufikira theka la mita. Ambiri saliwerengera konse dothi la kutsogoloku pa khoma la miyala. Amafuna kuti khoma liime ndi kulemera kwake, ndipo dothilo likhale nkhokwe yachiwiri.

Nanga tikumbe kufika pati? Gwirani mau awa.

Choyamba, pyolani dothi lonse lakuda la mizu ndi manyowa, kufikira mutapeza nthaka yolimba imene khasu liyamba kukana ndipo mufuna piki. Dothi lakuda ndi labwino kwa chimanga, koma pansi pa khoma limabvunda ndi kufinyika. Ngakhale nthaka yolimba ipezeke msanga, pa khoma loonekera mita imodzi kapena kuposa pang'ono musalekeze kukumba musanafike theka la mita. Musamange pa dothi lothira, pa dzenje lakale la zinyalala, kapena pa chulu chosalazidwa.

Chachiwiri, ngati kutsogolo kwa khoma kuli kotsetsereka, kumbani mozama koposa. Dothi la pamalo otsetsereka lilibe chotsamira, tsono silingagwire khoma. Yesani chopingasa kuchokera pansi pa maziko kufika pamene nthaka ithera. Mtunda umenewo upose mita imodzi. Ndipo ngati khoma liri kuyenda chokwera phiri, semani pansi pa ngalande ya maziko ngati makwerero osalala. Musamange pa ngalande yopendekera.

Chachitatu, inu a ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'chigwa cha Phalombe ndi nyanja ya Chilwa mumadziwa makande, dothi lakuda lija limene limang'aluka m'chilimwe ndi kufufuma m'dzinja. Ming'alu yake ingathe kulowa mita yathunthu kapena kuposa. Maziko okhala m'kati mwa dothi loyendayendalo amakwera ndi kutsika chaka ndi chaka kufikira khoma litasweka. Pa makande musamange khoma lotchinga dothi musanafunse injiniya.

Chachinayi, m'chigwembe ndi m'mbali mwa mtsinje mdani ali kutsinde. Madzi othamanga amakumba pansi pa khoma kufikira litalenjekeka m'malere. Mpanda wa miyala wotseka chigwembe usapose mita imodzi. Maziko ake alowe pansi theka la msinkhu wake, ndipo mapiko ake alowe theka la mita m'magombe onse awiri, kuti madzi asazungulire m'mbali. Pakati pake pakhale potsika kuti madzi adzerepo, ndipo kumunsi kwake yalani miyala ikuluikulu pamene madziwo adzagwera. Ngakhale mugwiritse nchito mabasiketi a waya odzaza miyala, lamulo lake ndi lomweli.

Pali mtundu wina wa khoma umene ulibe kulemera konse, ndiwo wa nsichi zozikidwa pansi ndi matabwa kapena mitengo yopingasa kumbuyo kwake. Khoma lotere moyo wake wonse uli m'kuya kwa nsichi. Ambiri amazika monga nsichi za mpanda, gawo limodzi pansi, magawo awiri kumwamba. Mpanda umalimbana ndi mphepo ndi mbuzi chabe. Khoma ili liri kulimbana ndi dothi. Mawerengedwe amaonetsa kuti m'dothi la mchengamchenga mphamvu ziwiri zija zimangolingana pamene gawo lokwiririka liri pafupi kufanana ndi gawo loonekera, ndipo pa kuya kumeneko mainjiniya amaonjezerapo magawo 20 kufikira 40 pa 100 aliwonse. Tsono nsichi yotchinga dothi la mita imodzi ilowe pansi mita imodzi ndi theka, ndipo m'dothi lofewa mamita 2. Kumbukiraninso kuti chiswe chimadya mtengo pamalo pomwe ulowera m'nthaka, pamene mphamvu yonse yaunjikana. Khoma la nsichi lisapose mita imodzi, ndipo lisatchinge dothi la pafupi ndi nyumba yogona.

MADZI

Zonse ndawerenga zija zinali za dothi losanyowa. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mukasema phiri ndi kumangapo khoma, madzi amene ankatsika m'kati mwa nthaka adzabwerabe, ndipo akapeza njira yotsekeka adzaima kumbuyo kwa khoma. Madzi amakankha cham'mbali ndi kulemera kwake konse, osati gawo limodzi mwa atatu ngati dothi. Khoma lathu labwino lija la mamita 2, madzi akadzaza kumbuyo kwake, kukankha kumachoka pa 1,200 kufika pafupi ndi 2,700. Mphamvu yogwira inali 2,200. Mwaona tsono kuti ngakhale khoma la yankho la 1.8 limagonja. Mphamvu yosungira siingalowe m'malo mwa njira ya madzi.

Potero siyani mabowo m'khoma, aakulu monga nkhonya ya munthu, otalikirana mita imodzi kapena mita ndi theka, mzere woyamba ukhale pamwamba pang'ono pa nthaka ya kutsogolo. Kumbuyo kwa khoma thirani miyala ing'onoing'ono ya kwale, yochindikala masentimita 30, kuchokera pansi kufika pafupi ndi pamwamba, ndipo pamwamba pake tsekani ndi dothi lotsendera kuti madzi oyenda pamtunda asalowemo. Pokwirira musathire dongo kapena makande. Thirani dothi la mchengamchenga pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, ndi kutsendera ndi chipika. Kumtunda kumbani ngalande yopatutsa madzi, ndi kubzala mzere wa udzu wa vetiva. Khoma la miyala yosanja popanda simenti liri ndi ubwino wakuti madzi amatuluka okha m'mipata, koma liyenera kutsamira kuphiri, ndipo tsinde lake likhale lotakata koposa.

Ndinene poyera kuti pali zina zimene khoma silingathe. M'mwezi wa March 2023, pa namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Phiri lonse likakhuta madzi ndi kuyamba kuyenda, palibe khoma la pakhomo lingaliimitse. Pamalo otsetsereka kwambiri, ndiponso m'njira za madzi ochokera kuphiri, mankhwala ake ndi kusamangapo nyumba.

ZOTI MUCHITE

Inu amene muli nalo kale khoma, mawa m'mawa pitani mukaliyendere. Mangani kamwala ku chingwe, muchilenjeke kuchokera kumutu kwa khoma, muone ngati laweramira kutsogolo. Yesani mpata wa pakati pa chingwe ndi tsinde, muulembe, ndipo mudzayesenso mvula ikayamba. Mpatawo ukamakula, khoma liri kuyenda. Yang'anani ngati latupa mimba, ngati nthaka ya kumtunda yang'aluka motsata khoma, ndiponso ngati mabowo atsekeka. Onani ngati tsinde lafukuka, ndipo ngati latero, bwezeranipo dothi ndi kuyalapo miyala. Musakumbe ngalande, dzenje la chimbudzi kapena la nthochi patsinde pake. Kumtunda, musaike katundu wolemera pa mtunda wochepera msinkhu wa khomalo. Mukaona zizindikiro zoipa m'nyengo ya mvula, chotsani ana ndi ziweto pansi pake tsiku lomwelo. Musadikire kuti kuche.

Inu amene mufuna kumanga chaka chino, yambani tsopano nthaka ikali youma, kuti simenti ilimbe mvula ya November isanafike. Mmisiri akakumba ngalande ya maziko, lowanimo nokha ndi ndodo yoyesera asanaikemo mwala, pakuti akakwirira simudzaonanso. Ndalama zikaperewera, chepetsani msinkhu wa khoma, siyani pulasitala ndi utoto, koma musachepetse kuya kwa maziko kapena kuchindikala kwa tsinde. Za mipanda ya m'zigwembe ndi makoma a m'minda funsani mlangizi wa m'dera lanu, amene amagwira nchito pamodzi ndi alangizi osamalira nthaka. Koma khoma loposa chifuwa cha munthu wamkulu, kapena lina lililonse logwira nyumba, mseu kapena gombe la mtsinje, limenelo ndi la injiniya. Pitani ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo ya boma lanu. Mawerengedwe ndakupatsani aja ndi a dothi la mtundu umodzi, ndipo dothi la pakhomo panu liyenera kuonedwa ndi maso. Safunsa anadya phula.

Mlimi uja anamanganso. Tsopano pamalopo pali makoma awiri aafupi, maziko ake ofika m'chiuno mwa mwana wa sukulu, mabowo ake amatulutsa madzi dzinja lililonse, ndipo pakati pa makomawo mkazi wake amabzalapo mpiru ndi anyezi.